Tasemphana ndi bambo a kunyumba pa masewera a phwando la mwana

Okondedwa Aphungu,

Ndine mayi wa ana awiri. Wachisamba wanga, wamkazi, akwanitsa zaka 6 kumapeto kwa mwezi wamawa, ndipo tikufuna kumukonzera kaphwando pakhomo pano. Tikuyembekezera ana pafupifupi 15, wamng'ono wa zaka 3, wamkulu wa zaka 9. Nkhani imene yandilembetsa kalatayi ena aiona ngati yachibwana poti ndi ya masewera a ana, koma ine ikundisowetsa tulo. Papita sabata ziwiri ine ndi bambo a kunyumba tikukokanakokana, ndipo masiku akutha.

Ndiyambe ndi zimene zinachitika chaka chatha, kuti mumvetse pamene mtima wanga waima.

Pa phwando la chaka chatha kunabwera ana 14. Tinayamba ndi masewera a mipando aja odziwika ndi aliyense. Tinandandalika mipando 13 mofulatirana, bambo ake akuliza nyimbo pa foni, ana n'kumazungulira akuvina. Nyimbo ikangoduka aliyense athamangire pampando, wosowa pokhala watuluka, n'kuchotsaponso mpando umodzi. Ulendo woyamba weniweniwo, amene anatsala chiimire anali mwana wa achimwene anga. Mnyamatayu samva bwino chibadwire. Amavala kachipangizo kothandiza kumva, koma pakakhala phokoso, ana akukuwa, mapazi ali gididigididi, mawu onse amamulowera pamodzi, nyimbo ndi phokoso lomwe. Ndiye iye sankatchera khutu ku nyimbo ayi, ankayang'ana miyendo ya anzake. Pomwe ankazindikira kuti anzake akukhala, mipando inali itatha kale. Mpaka lero ndimamuonabe mmene anaimira: dzanja limodzi lili pampando umene wakhalapo kale wina, maso akuyendayenda pankhope za ife akuluakulu ngati akufunsa kuti walakwa chiyani. Sanalire. Anapita kukakhala m'mbali mwa khoma, n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato zake ndi kuzimanganso, kumasula, kumanga, mpaka masewerawo anatha.

Ndipo sanathe msanga. Ana akakhala 14, nyimbo iyenera kuduka ka 13 kuti apezeke wopambana mmodzi. Mukaphatikiza kuvina, kukangana kuti anayamba kukhala ndani, ndi kunyamula mpando, wotuluka koyamba uja amadikira mphindi pafupifupi 20. Kwa mwana wa zaka 5 imeneyo ndi nthawi yosapiririka. Mwini phwando anatuluka ulendo wachinayi atakankhidwa ndi mtsikana wa zaka 8, ndipo iye ndiye analira mpaka kukalowa pansi pa tebulo, diresi lake latsopano lili fumbi lokhalokha. Pofika kumapeto ana okhala m'mbali anali ambiri kuposa osewera, awiri akulimbirana baluni, kakang'ono kena kakulirira amayi ake. Oomba m'manja tinatsala ife akuluakulu.

Chaka chino ndinangonena poyera kuti masewera otulutsana ayi, sindikuwafunanso pa phwando la mwana wanga. Bambo a kunyumba anakana.

Ndisawanamizire, si munthu wouma mtima. Ndi iwo amene anakamutulutsa mwana pansi pa tebulo paja, n'kumupukuta misozi ndi malaya awo. Koma akuti mwana amene sanagonjepo pa masewera adzagonja koyamba pa zinthu zazikulu, ndipo tsiku limenelo sipadzakhala womunyamula. Akuti kuluza kumaphunziridwa ngati kuwerenga, ndipo malo abwino ophunzirira ndi pakhomo, pomwe chotayika ndi mpando chabe. Amandikumbutsanso, ndipo apa sindingawatsutse, kuti mwana wathuyu akagonja pa masewera a makadi amamwaza makadi onse pansi n'kunena kuti sasewera nafenso. Iwo akuona kuti ine ndikufuna kumubisa ku chinthu chimene akufunika kukumana nacho.

Usiku wina anandionetsa pa foni chithunzi chimene anajambula Pieter Bruegel mu 1560, chimene chimasungidwa ku Vienna. Pali ana oposa 200 atadzaza bwalo lonse la mzinda, akuchita masewera oposa 80: ena akugubuduza mikombero, ena akudumphana pamsana, wina wamangidwa kumaso akufufuza anzake. Anati, "Waona mayi a mwana? Zaka zoposa 450 ana akusewera zomwezi. Iwe ndi ine ndife ndani kuti tizisinthe?" Poti ndi munthu wokonda zamasewera, anawonjezanso kuti ngakhale kukokana chingwe kumene tikukuyesa kwa ana kunali pa mpikisano wa Olympics kuyambira 1900 mpaka 1920. Ine ndinachikulitsa chithunzicho ndi zala, ndikuyang'ana ngodya ndi ngodya. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti pafupifupi mwana aliyense pamenepo ali ndi chochita. Tinayang'ana chithunzi chimodzi, aliyense n'kuonapo zake.

Mkulu wanga amaphunzitsa ana a mkaka, ndiye ndinamuimbira. Anandifotokozera za katswiri wina wa ku Switzerland, Jean Piaget, amene ankakhala pansi kuonerera ana akusewera timiyala ta galasi tija amagubuduza pansi, n'kulemba zimene anapeza mu 1932. Anaona kuti ana aang'ono amatsanzira malamulo a akuluakulu koma aliyense amasewera zake, moti kwa iwo onse akhoza kupambana nthawi imodzi popanda vuto. Mtima wofunadi kupikisana potsatira malamulo amodzi umayamba kukhazikika cha pa zaka 7 kapena 8. Mkulu wangayo akuti n'chifukwa chake mwana wa zaka 4 ukamuuza kuti "watuluka" samva kuti ndi lamulo la masewera, amamva kuti wathamangitsidwa. Nditawauza bambo zimenezi anangoti, "Nanga a zaka 8 ndi 9 amene tawaitana aja, tiwaseweretse za makanda?" Apanso ndinasowa poyankha, chifukwa ndi zoona kuti ana okulirapo masewera opanda wopambana amawaona ngati osakoma, amayamba kutayirira n'kumasokoneza ang'onoang'ono.

Sikuti ndikudana ndi masewera akalewa. Ndinakula nawo, ndipo ndimakumbuka kukoma kwake kokhala pampando womaliza mtima ukugunda. Sindikufuna phwando loti ana angokhala duu kuyang'ana katuni pa TV. Ndikufuna athamange, atuluke thukuta, akagone atatopa. Chimene ndinaganiza n'kungowakonza pang'ono, ndipo ndikupemphani mundiuze ngati ndikuganiza bwino kapena ndikuwononga.

Pa mipando paja, ndinati tizichotsa mipando koma osachotsa ana. Nyimbo ikaduka onse apeze pokhala, kaya kupanikizana awiri pampando umodzi, kaya kukhalirana pamiyendo, mpaka itatsala mipando itatu kapena inayi, gulu lonse likugwirana kuti wina asagwe. Ndinayesa ndi ana anga awiri ndi a neba atatu, anaseka mpaka kugubuduka. Komanso ndinati woliza nyimbo akamaidula, wina azikweza kansalu kofiira m'mwamba nthawi yomweyo, kuti mwana wa achimwene uja aziona ndi maso chimene anzake akumva ndi makutu. Chimodzimodzi masewera ouma ngati chiboliboli, amene ana amavina nyimbo ikaduka n'kuima chilili osagwedezeka: wogwedezeka asatuluke, koma akhale iye woyendera anzake ulendo wotsatira, kuwaseketsa kuti agwedezeke.

Pamene tinakanganapo kwambiri ndi pa masewera opatsirana phukusi. Mukudziwa mmene amakhalira: mphatso imakulungidwa m'mapepala ambirimbiri, ana akhala mozungulira n'kumapatsirana, nyimbo ikaduka amene wagwira phukusi amasula pepala limodzi, ndipo womasula lomaliza mphatso ndi yake. Ine ndikufuna mapepala akhale ofanana ndi chiwerengero cha ana, pepala lililonse likhale ndi kanthu kakang'ono, kaya pensulo kaya kasitika, ndipo woliza nyimbo aziyang'anitsitsa kuti phukusi liime pa mwana aliyense kamodzi. Bambo akuti chimenecho ndi chinyengo. Akuti woliza nyimbo ayenera kufulatira, mwayi ugwere amene waugwera, ndipo akuti ana si opusa, a zaka 8 adzazindikira kuti zakonzedwa ndipo kukoma konse kudzathera pomwepo. Anakana kuti iwo sadzaliza nyimbo ngati zili choncho. Aphungu, kodi ndi bodzadi limeneli? Kodi ndikhala ndikuwanamiza ana, kapena ndikungochita zimene mayi aliyense amachita pogawa zinthu kuti pasakhale womanidwa?

Palinso masewera omata mchira pa bulu, amene mwana wanga wawapempha yekha atawaona kwa mnzake. Mumajambula bulu wopanda mchira papepala lalikulu, mwana amamangidwa kumaso ndi kansalu, kumuzunguza katatu, n'kumupatsa mchira wa pepala kuti akaumate pamene akuganiza kuti m'poyenera. Awa ndimawakonda chifukwa satulutsa munthu, ndipo mchira ukamatidwa pamphuno ya bulu onse amafa nako kuseka, womatayo n'kusekanso. M'malo mwa phini tidzagwiritsa ntchito selotepi. Koma ndikaganiza za mwana wa achimwene mtima umandiwawa. Maso ndiwo makutu ake. Ukamumanga kumaso wamulanda zonse, sangamve anzake akumukuwira kuti "kumanzere, kumanzere!" ndipo sangaonenso milomo yawo. Ndimusiye asasewere? Ndimuuze angotsinzina yekha, kuti akachita mantha athe kutsegula? Kapena ana onse azingotsinzina, tisamange aliyense?

Ndinapita kukafunsa mayi ake, mlamu wanga, ndikuyesa kuti asangalala ndi maganizo angawa. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Alamu, zikomo, koma musamusandutse mwana wanga chifukwa chosinthira phwando lonse. Anzake akadziwa kuti kansalu kofiirako kabwera chifukwa cha iye, mwamulozetsa zala." Anati iye akumulera kuti azolowere dziko mmene lilili, osati kuyembekezera kuti aliyense azimukonzera njira. Ndinabwerako mutu uli wolemera. Ndinkaganiza kuti ndikumuchitira chifundo, koma mayi ake, amene amamudziwa kuposa ine, akuona mosiyana. Komabe mlamu wangayo chaka chatha anali kukhitchini nthawi imene mwana wake ankamanga ndi kumasula zingwe za nsapato zija. Ndinaona ndine, ndipo sindinamuuze mpaka lero.

Zina zonse tagwirizana popanda mkangano. Chibisalirano chidzakhalapo, kuseri kwa nyumba kokha, chipata chili chotseka, ndipo tidzawerenga ana asanayambe ndi akamaliza. Mpikisano wothamanga dzira lili pa sipuni udzakhalapo, mazira ake owiritsa. Wodumpha miyendo ili m'thumba udzachitikira pa kapinga. Mabaluni tidzawafufumitsa tokha akuluakulu, ndipo lina likaphulika tidzatola zidutswa nthawi yomweyo, chifukwa pa paketi pake pomwe amachenjeza kuti ana osakwana zaka 8 akhoza kutsamwa ndi baluni losafufuma kapena lophulika. Timphatso ting'onoting'ono totha kulowa m'kamwa sitidzapatsa aja a zaka 3. Pa zimenezi bambo ndi amene ali tcheru kuposa ine.

Ngakhale mipikisano yothamangayi ili ndi woyamba ndi womaliza, sindikuiopa, chifukwa imatha pa mphindi imodzi ndipo womaliza amangoti "tibwerezenso". Chimene chikundivuta ine si kugonja ayi. Ndi kukhazikidwa pambali, kuonerera anzako akusangalala kwa nthawi yaitali pa tsiku limene unavala bwino n'kubwera kudzasewera. Ndayesa kuwafotokozera bambo kusiyana kumeneku koma akuti ndi chinthu chimodzi chomwecho, ndangochipatsa mayina awiri.

Ndiye ndithandizeni, Aphungu. Kodi mwana wa zaka 6 wafika poti n'kuphunzira kugonja kudzera m'masewera otulutsana, ndipo ngati wafika, tsiku lake lobadwa ndi tsiku loyenera phunziro limenelo? Ndawaganizirapo maganizo ogawa ana magulu awiri, aakulu azipikisana mwa kale, aang'ono azisewera zosatulutsana, koma mwini phwando ali pakatikati, ndipo ndikumudziwa, adzathamangira kwa aakulu. Kodi tingaike masewera amodzi okha otulutsana kumapeto, otulukawo n'kumapatsidwa ntchito monga kuomba m'manja kapena kuthandiza kuweruza, kuti bambo nawonso aone kuti mawu awo amveka? Ndipo za mwana wa achimwene, ndimvere mayi ake ndisiye zonse mmene zilili, kapena ndikweze kansalu kaja mwakachetechete ngati kuti ndi mbali ya masewera, osauza aliyense chifukwa chake? Ndikachita choncho, kodi sindikhala ndamudelera mlamu wanga pa mwana wake yemwe?

Makadi oitanira anzake tatumiza kale. Dzulo ndikumupesa tsitsi, mwana wanga anandifunsa ngati chaka chino kudzakhalenso mipando. Ndinamufunsa ngati akuifuna. Anakhala chete kanthawi, kenako anati akuifuna, koma ngati iye ndi msuweni wake sadzatuluka. Ndinamuuza kuti ndimuyankha Loweruka.

Ine mayi wothedwa nzeru