Ana ophunzira utelala aphunzitsidwe kukoka makwinya pa makina opalasa

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo m'nyuzipepala yanu pa nkhani imene ena anganene kuti ndi yaing'ono, koma kwa ife odyera singano ndi yaikulu ndithu. Ndine mayi wosoka zovala pakhonde la sitolo pano pa Ngabu, m'boma la Chikwawa, ndipo ntchitoyi ndinaiyamba ana anga amene lero ali pabanja asanabadwe. Nkhani yanga ndi ya makwinya, aja timakoka m'chiuno mwa siketi, pamapewa a bulauzi ndi pa diresi ya yunifolomu ya mwana wasukulu.

Chisefukireni madzi mu 2015, kenako namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, kuno kuchigwa kwabwera mabungwe ambiri ophunzitsa achinyamata ndi amayi ntchito zamanja kuti apeze poyambira. Utelala umakhala pomwepo, ndipo ena akamaliza amapatsidwa makina. Zimenezo ndimayamika ndi mtima wonse. Koma atsikana omaliza maphunzirowa akabwera pakhonde panga kudzafuna ganyu, ndimawayesa chinthu chimodzi chokha. Ndimawapatsa nsalu ya mainchesi 52 ndi lamba wa mainchesi 26, n'kunena kuti lumikiza. Ambiri amaika nsalu ija pansi pa phazi la makina, n'kumaikankha ndi nsonga ya sizasi kwinaku akupalasa. Akamafika pakati amazindikira kuti nsalu yatsala yambiri, ndiye amaiunjika yonse kumapeto. Siketi imatuluka yosalala kutsogolo, kumbuyo kuli phwamwamwa.

Wina anandiuza mwaulemu kuti: "Amayi, ife anatiphunzitsa kuika kachingwe pansalu n'kusoka zigizagi pamwamba pake, kenako kukoka kachingweko." Njirayo ndi yabwino, sindikuinyoza, ndipo pansalu yolimba kachingweko sikaduka. Koma imafuna makina osoka zigizagi. Mtsikanayo anaiphunzira pa makina amagetsi, pomwe makina amene anamupatsa ndi a mtundu wa Butterfly, opalasa ndi mapazi, osoka mzere woongoka basi, ndipo kumudzi kwawo magetsi kulibe. Anamuphunzitsa za makina amene sadzakhala nawo.

Chonsecho makina opalasawa amakoka makwinya okongola kwambiri, bola munthu adziwe njira yake. Choyamba ndi kutalikitsa sitichi mpaka pomalizira. Pa makina a Singer akale aja manambala amawerenga masitichi pa inchi imodzi, ndiye yaitali ili pa 6. Pa makina owerenga mamilimita ikani pa 4 kapena 5. Kenako masulani pang'ono tenshoni, kapena kuti kukungika, kwa ulusi wapamwamba. Chifukwa chake n'chakuti ulusi wapamwamba ukamasuka umachita timalupu kunsi kwa nsalu, ndipo ulusi wapansi, wa m'bobini, umangogona mowongoka m'timalupumo, moti ukaukoka umayenda wosakodwa. N'chifukwa chake timakoka wa m'bobini, osati wapamwamba. Ine m'bobinimo ndimakulunga ulusi wolimba, wa mtundu wosiyana ndi nsalu, kuti ndisamavutike kuufufuza ndi maso anga okalambawa, komanso kuti pousolola ndisadule msoko weniweni.

Mizere ikhale iwiri. Apa ndiye pamene ambiri amachitira ulesi, amati mzere umodzi ukwana. Mzere umodzi ukaduka pakati mwayambiranso, ndipo ngakhale usaduke makwinya ake amapendekera uku ndi uku. Ngati msoko wa lamba udzadutsa theka la inchi kuchokera m'mphepete, sokani mzere woyamba pa kota ya inchi, wachiwiri pa makota atatu, kuti msoko weniweni udzadutse pakati pawo. Makwinya ogwidwa mbali ziwiri amaima chilili, ndipo singano imangowadutsa osawapinda. Poyamba ndi pomaliza musabweze makina m'mbuyo, ndipo siyani ulusi wolendewera wotalika ngati chikhatho kuti mupeze pogwira.

Musanakoke kalikonse, pindani lamba pawiri, mupindenso pawiri, muike choko pamapindo onsewo. Chitani chimodzimodzi ndi nsalu ya siketi. Mukatero lumikizani zizindikirozo ndi mapini, chapakati kutsogolo ndi chinzake, cham'mbali ndi chinzake. Tsopano gawo lililonse la siketi ladziwa malo ake pa lamba, ndipo sizingatheke kuti makwinya onse athawire mbali imodzi. Gwirani ulusi wa m'bobini wa mizere yonse iwiri pamodzi, ndipo m'malo mokoka mwamphamvu, muziyendetsa nsalu pa ulusiwo ndi zala, pang'onopang'ono, kuchokera kumapeto kupita pakati, kenako kuchokera kumapeto enawo. Ikakwanana ndi lamba, zengerezani ulusiwo papini mopingasa ngati nambala 8 kuti usabwerere. Ndiye salazani makwinya ndi chikhadabo kapena nsonga ya pini mpaka afanane, onjezani mapini, bwezani sitichi ndi tenshoni m'malo mwake, n'kusoka makwinya ali pamwamba pomwe mukuwaona. Ambiri amaiwala kubweza sitichi ija, ndipo lamba amadzasomphoka mwana akungodumpha fulaye.

Chitenje chili ndi khalidwe lakelake. Chatsopano chimabwera chouma gwa ndi sitachi, ndipo mukachikoka chomwecho ulusi umaduka, makwinya amathyoka m'malo mopindika. Chichapeni kaye, chiume pamthunzi, muchisite ndi simbi yamakala. Kuchapako kumathandizanso kuti ngati n'chofupika chifupikiretu musanadule. Ndipo pachitenje musayese kukoka ulusi umodzi kuzungulira chiuno chonse. Dulani mizere yanu pamsoko wam'mbali uliwonse, chifukwa pamsoko nsalu imakhala yochindikala ndipo ulusi umakodwa pomwepo. Kukoka magawo awiri kapena anayi kumaoneka ngati kuchedwa, koma kumafulumira kuposa kusolola ulusi woduka.

Za kuchuluka kwa nsalu, muyezo wabwino pachitenje ndi pansalu ya yunifolomu ndi kawiri kukula kwa chiuno. Nsalu yopyapyala, ngati ija ya madiresi a operekeza akwati, imalola mpaka katatu, pomwe yolemera imafuna kamodzi ndi theka basi, apo ayi m'chiuno mumatupa. Chitenje cha mamita awiri ndi mainchesi pafupifupi 78 m'litali, choncho chimakwana bwinobwino siketi ya mayi wa chiuno cha mainchesi 36, zipi ndi misoko n'kupezanso malo. Muchizungulize m'litali mwake kuti maluwa am'mphepete agwere kumunsi, ndipo lamba atuluke pa kansalu kotsala kumtunda.

Mwina wina ku Blantyre kapena ku Lilongwe afunsa kuti n'chifukwa chiyani ndikulimbikira za masiketi amakwinya pomwe masiku ano atsikana akukonda zothina. Abwere kuno mu Okutobala ndi Novembala, pamene dzuwa la pa Ngabu limapitirira madigiri 40. Chovala chothina sichivalika, thukuta limachimata pathupi, pomwe siketi yamakwinya imalowetsa mphepo. Kuno malo ndi athyathyathya, ndipo njinga ndiyo galimoto yathu. Mayi wopita kumsika wa Nchalo kapena kusikelo ndi mwana kumbuyo, kaya akupalasa yekha kaya wakwera kabaza, amafuna siketi yomulola kukwera ndi kutsika mwaulemu. Mwana wasukulunso amakula msanga. Siketi yokokedwa kawiri chiuno, chaka chamawa mumangosomphola lamba, kuika wokulirapo, kumasula makwinya pang'ono, mwana n'kuvalanso. Chitsikireni mphamvu ya kwacha mu Novembala 2023, nsalu yochokera ku Limbe yakwera mtengo kwambiri, ndipo kholo lolima thonje kapena mapira silingathe kusoketsa yunifolomu yatsopano chaka ndi chaka. Zimandiwawa kuona thonje lathu likukwera mapiri a Chikwawa pamtengo wolira, nsalu n'kutsika yodula, kenako nsalu yodulayo n'kuonongekanso pamakina chifukwa chosadziwa.

Pali chinanso chimene ndiyenera kunena, ngakhale anzanga ena sakondwa nacho. Sukulu zikamatsegulira mu Seputembala ntchito imachuluka, ndipo matelala ena amaba nsalu m'makwinyamu. Kholo labweretsa nsalu yokwana kawiri chiuno, iwo adula yokwana kamodzi ndi pang'ono, yotsalayo asokera mwana wina n'kulandira ndalama ya nsalu. Makolo anzanga, polandira siketi muziitembenuza. Tambasulani mpendero wakumunsi muuyeze ndi lamba: upitirire lamba kawiri kapena kuyandikira pamenepo. Onaninso ngati makwinya afanana kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo mukoke lamba pang'ono muone ngati masitichi ake ndi afupiafupi. Telala wachilungamo sakwiya mukamachita zimenezi pamaso pake.

Pempho langa kwa onse okonza maphunziro a utelala kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje ndi lakuti mwana aphunzire pa makina omwewo amene adzapite nawo kumudzi. Za zigizagi ndi timapazi tapadera tokoka makwinya azione pambuyo, atadziwa kaye mizere iwiri ndi bobini. Asanalandire setifiketi asoke siketi yachitenje yamakwinya pa makina opalasa, aphunzitsi aitembenuze aone kunsi kwake. A TEVETA, amene amayang'anira maphunziro a ntchito zamanja m'dziko muno, atha kutithandiza kuti muyezo umenewu ukhale wa aliyense wophunzitsa. Ndipo mabungwe azititumizira anawa pamakonde pathu kwa mwezi umodzi kapena iwiri asanakatsegule zawo. Matelala akale tilipo pa Dyeratu, pa Nchalo, pa Ngabu, pa Bangula mpaka ku Nsanje boma, ndipo panga pali makina achiwiri amene amangokhala ovundikira ndi chitenje sabata yonse kupatula tsiku la msika. Mtsikana wofuna kuphunzira abwere ndi ulusi wake ndi zidutswa za nsalu, malo okhala alipo.

Mayi telala,
Ngabu, Chikwawa