Za chala chako, mwana wanga

Wokondedwa mwana wanga,

Mlamu wako wandiuza pafoni kuti makina ochekera matabwa akudula nsonga ya mkombaphala, ndipo madokotala ku Johannesburg komweko asokerera chalacho ku chala chapakati. Mayi ako analira usiku wonse. Ine ndinangokhala pakhonde kuyang'ana dzanja langa lamanja, lija lamba wa chigayo anandiluma iwe ukadali kumbuyo kwa mayi ako.

Usaope kuona zala ziwiri zitaphatikizana. Nanenso anandichita chimodzimodzi. Amasenda kachikopa kumsana kwa chala choyandikana n'kuvundikira pabala, koma mbali ina sadula, kuti magazi azifikabe. Pakatha masabata awiri kapena atatu, kachikopako kakamera mizu, amazilekanitsa. Nthawi imeneyi fodya wako uja umusiye, chonde. Utsi umafinya mitsempha ya magazi, ndipo kachikopa kakasowa magazi kamada n'kufa.

Chimene ndikufuna ugwire n'chakuti chala chotere sachiweruza pa mwezi umodzi. Changa chinakhala dzanzi miyezi yambiri, ngati kamtengo. Tsiku lina ndinagwira chivundikiro cha poto wotentha, ndinazindikira ndi thuza basi. Mitsempha yomvera imakula pang'onopang'ono, pafupifupi milimita imodzi patsiku, choncho moto ndi mpeni uzizipenya ndi maso, osadalira chalacho. Kenako changa chija chinayamba kunyerenyetsa, kungochikhudza ngati nyesi za magetsi. Apa ambiri amachibisa m'thumba, ndiye kulakwa kwake. Bala litapola, anandiuza kuti ndizichipisa m'mbale ya mpunga wosaphika, ndizichisisita pansalu yokhakhala, ndiponso ndizichipinda m'mawa ndi madzulo. Masiku amene ndinachita ulesi ndimawalipira mpaka lero, pakuti mfundo yapakati sipindika yonse. Iwe usajombe kufizio, kumene achipatala amathandiza chala kuti chiyambenso kupindika ndi kugwira ntchito, ngakhale abwana akukakamize kubwerera msanga kuntchito.

Chaka chitatha ndinayamba kumanga ndekha mabatani a malaya ndi kutola msomali pansi. Kumva sikunabwerere konse ngati kale, sindikunamize. Kachigambako n'kakuda kuposa khungu la mkati mwa dzanja, popeza kanachokera kumsana kwa chala, ndipo chikhadabo, chimene chimatenga miyezi ngati 6 kuti chimere chonse, chinatuluka chokhota ngati mlomo wa kabawi. Ndimachiwenga pafupipafupi, sichindivuta.

Chondisautsa kwenikweni chinali chisanu. Zaka ziwiri zoyamba, June ndi July akafika, nsongayo inkawawa ngati yalasidwa ndi minga, mpaka ndinkaiika m'khwapa popita kudimba. Pano zinachepa, koma sizinathe. Kwanuko kumazizira kuposa kuno, ndiye gula magolovesi nyengoyo isanafike.

Ukaona kachikopako kakuda kwambiri, kakuzizira kapena kakutuluka mafinya, thamangira kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira tsiku limene anakulembera. Ndalama za mwezi uno usatumize, chimanga tili nacho. Akakumasula mabandeji, unditumizire chithunzi pa WhatsApp ya mchemwali wako, ndichione ndekha.

Ndine bambo ako.