Nyama imeneyo imachokera kuti, mwana wanga?

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti iwe ndi mpongozi wanga muli bwino. Kuno tilipo, ndipo mwendo wa bambo ako uja wayamba kupepuka.

Mlongo wako atabwerako kokuonani anasimba zabwino zambiri, mpaka mtima wanga unadzaza. Koma pali chimodzi chimene chandisowetsa tulo. Akuti nyama ya pakhomo panu amabwera nayo mnzako uja, madzulo, m'thumba, yoduladula kale, ndipo iwe umachita kuyamikira kuti ndi yotsika mtengo. Nditamufunsa kuti imaphedwera kuti, anati nawenso sudziwa. Sudziwa! Chonsecho mkazi wako ndi woyembekezera. Safunsa anadya phula, mwana wanga.

Chiweto chabwinobwino mwini wake sachigulitsa mobisa, ndiponso sataya mtengo popanda chifukwa. Kawirikawiri imene imayenda ndi mdima ndi yakuba, yodwala, kapena yofa yokha. Ng'ombe ikafa mwadzidzidzi, magazi akuda n'kumatuluka m'mphuno ndi kumbuyo, akhoza kukhala matenda a anthrax, ndipo amagwira wosenda, wodula ndi wakudya yemwe. Ukukumbuka bambo ako akukumba dzenje lokwirira ng'ombe yofa lija dzuwa lili pamutu, anthu akuwapempha kuti awagawireko ngakhale mwendo umodzi? Iwe unalira kuti tikutaya ndiwo. Anakwirira yonse ndi chikopa chomwe. Tinaluza, koma palibe anadwala.

Nyama ya nkhumba uziyang'anitsitsa. Ukaona mkati mwa mnofu timatuza toyera tonga njere za mpunga, usagule, ngakhale akuuze kuti tikapsa pamoto. Timeneto ndi ana a njoka zam'mimba. Munthu akadya yosapsa bwino, njokayo imakulira m'matumbo mwake, mazira ake n'kumatuluka ndi chimbudzi. Mazirawo akalowa m'kamwa mwa wina kudzera m'manja osasamba kapena m'madzi, amatha kukafika ku ubongo, munthu n'kuyamba kugwa khunyu. N'chifukwa chake nyama imayenera kuphedwera pamalo ovomerezeka, dokotala wa ziweto n'kuiyeza, n'kuidinda chidindo. Ukalowa m'butchala funsa chidindocho. Usachite manyazi, ndalama ndi yako. Wogulitsa akakwiya ndi funso limenelo, tuluka.

Palinso china chosaoneka ndi maso. Chiweto chikabayidwa mankhwala opha mabakiteriya, pamakhala masiku olembedwa pa botolo oti adikire asanachiphe kapena asanagulitse mazira ake. Mlimi wadyera sadikira: akaona kuti sichichira, amafulumira nacho kumpeni. Ena amathira mankhwalawo m'zakudya za nkhuku zosadwala n'komwe kuti zikule msanga. Mapeto ake mabakiteriya amazolowera, ndiye tsiku limene mwana wako adzadwale, mankhwala a kuchipatala adzapezeka kuti sakugwira. Maiko a m'bungwe la European Union analetsa kukulitsira ziweto mankhwala otere mu 2006, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linapempha alimi onse mu 2017 kuti aleke kuwapatsa ziweto zimene sizikudwala. Kodi mnzakoyo angakuuze kuti chiweto chimene wakupatsa chinamwa chiyani?

Sindikuti ndi munthu woipa. Munakulira limodzi, ndipo ndinkamupakulira ngati wanga. Koma chibwenzi chisakutseke pakamwa. Mufunse, ndipo akayamba kuzemba, leka kumugula.

Iwe unali mwana wachifundo. Nkhuku ikamaphedwa unkathawira kuseri kwa nyumba, ndipo galu akabwera wopunduka unkagona pafupi naye. Mtima umenewo usautaye chifukwa wayamba kugwira ndalama. Pali nkhuku zoikira zimene zimatha moyo wonse m'kakhola ka waya, malo a imodzi osakwana pepala la A4, osatambasula mapiko, osapalasa pansi ngakhale tsiku limodzi. Maiko a European Union omwewo analetsa makola otere mu 2012. Ngati mungakwanitse, muzigula mazira kwa mlimi amene nkhuku zake zimayenda, ndipo ngati alipo pafupi pita ukaone khola ndi maso ako, chifukwa zolemba pa katoni aliyense akhoza kukometsera. Chiweto n'cholengedwa cha Mulungu. Tidye ndithu, koma chisazunzike. Ndipo chimene chamenyedwa, kuthamangitsidwa ndi kusowetsedwa madzi chisanaphedwe, nyama yake imada, imauma, ndipo sichedwa kuvunda.

Khungu la dzira, loyera kapena lofiirira, zimangotengera mtundu wa nkhuku, usalipire zambiri chifukwa cha zimenezo. Long'aluka usatenge. Loyandama m'madzi lakhalitsa. Mpongozi wanga asadye dzira laliwisi kapena losapsa pakati, chifukwa cha mabakiteriya a salmonella. Nkhukunso ipse mpaka pafupa, pasatsale pofiira, ndipo mpeni wodulira nyama yaiwisi usakhudze zodya zosaphika usanautsuke.

Nsomba muzidya, n'zabwino kwa iye ndi kwa mwana ali m'mimbayo. Yatsopano maso ake amawala, mkati mmene imapumira muja mumakhala mofiira, ndipo ukadina ndi chala mnofu umabwerera. Koma zikuluzikulu za m'nyanja yamchere zodya zinzake, monga shaki, azipewa panopa, popeza zimasunga poizoni wa mercury amene amawononga ubongo wa mwana wosabadwa. Tiana ta nsomba togwidwa ndi ukonde wa maso ang'onoang'ono usamagule. Bungwe loona za chakudya ndi ulimi padziko lonse la FAO likuti mwa magulu atatu alionse a nsomba za m'nyanja zamchere, gulu loposa limodzi likugwidwa mopitirira muyeso. Tikatha tiana, zidzukulu zanga zidzadya chiyani?

Ndamvanso kuti soseji sizisowa m'filiji mwanu. Mu 2015 akatswiri a khansa a WHO anaika nyama zotere m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa ya m'matumbo. Mwa apo ndi apo sindikana, koma osati m'mawa uliwonse.

Ndikudziwa kuti ndalama n'zovuta pamene mukukonzekera mwana, ndipo nyama yodziwika kochokera imadula. Ndiye muchepetse. Idyani nyama masiku ochepa, masiku enawo mazira, nsomba, nyemba. Tinakulerani choncho nonse, ndipo palibe anafooka. Koma ya m'thumba ija ayi, mwana wanga, ndakupempha. Imene yatsala m'filiji usaipatse ngakhale woyandikana naye.

Undiimbire Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, ndikufuna ndilankhulenso ndi mpongozi wanga za kusikelo. Bambo ako akupereka moni.

Ndine,
Mayi ako