Mwala umene ndinakaona ku Wulong ndi womwe tikuupondaponda mu Lusaka

A Mkonzi,

Ndikupempha kuti mundipatseko malo m'nyuzipepala yanu kuti ndiwafotokozere anzanga okhala mumzinda wa Lusaka zimene ndinaona paulendo wanga wa ku China, chifukwa chibwerereni kumeneko mtima wanga sukhazikika ndikamadutsa ku Kanyama, ku Chawama ndi ku Misisi. Ndinapita kukaona mwana wanga wamkazi amene akuchita maphunziro ake mumzinda wa Chongqing, ndipo iye, podziwa kuti ndinaphunzitsa jogalafe kwa zaka zambiri ndisanapume pantchito, anandikonzera ulendo wa ku Wulong, kumene kuli milatho itatu ya miyala imene dzanja la munthu silinamange.

Basi inatisiya pamwamba pa phiri, ndipo kuchokera pamenepo tinatsika ndi chikepe chimene anachimangirira kukhoma la phompho mpaka tinafika m'chigwa chakuya, chozizira ndiponso chachinyezi. Titayenda pang'ono tinapezeka kuti tili pansi pa mlatho woyamba, wotchedwa Tianlong, umene kutalika kwake kuchokera pansi kukafika pamwamba ndi mamita 235. Wachiwiri, Qinglong, ndi wa mamita 281, ndipo wachitatu, Heilong, ndi wa mamita 223. Manambala amenewa pakokha sauza munthu kanthu, choncho taganizirani za Findeco House, nyumba imene tonsefe timaidziwa kuti ndi yaitali, ya mamita pafupifupi 90. Mutasanjikiza nyumba zitatu zotere, simungafikebe pamwamba pa Qinglong. Pamwamba pa milathoyo pamera nkhalango, ndipo munthu ukayang'ana kumwamba umaona mitengo italendewera m'mphepete, madzi akudontha kuchokera m'ming'alu ya thanthwe ngati mvula yowaza ngakhale kunja kuli dzuwa. Pansi pa Heilong pali mdima ndipo phokoso la madzi limamveka paliponse. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, mpaka mwana wanga anandikumbutsa kuti, "Adadi, anzathu atisiya."

Chimene chinandiimitsa si kukongola kokha ayi. Ndinali kuona ndi maso phunziro limene ndinkalijambula pabolodi chaka ndi chaka. Madzi a mvula akamagwa ndi kulowa m'nthaka amatenga mpweya wa carbon dioxide ndipo amasanduka asidi wofooka kwambiri, woti lilime silingamumve, koma wokwanira kusungunula mwala wa laimu pang'onopang'ono. Madziwo amatsata ming'alu ya thanthwe, ming'aluyo imakula n'kukhala ngalande, ndipo pakapita zaka zikwi zosawerengeka ngalandezo zimasanduka mapanga oyendamo mitsinje yapansi panthaka. Ku Wulong denga la phanga lalikulu linagumuka m'malo ena n'kusiya maenje aakulu, pamene m'malo atatu linalimba n'kutsala lili chiimire. Zotsalazo ndiye milatho imene anthu amapita kukaona. Dziko loumbidwa motere akatswiri amalitcha karst. Tsiku lotsatira tinalowa m'chigwa cha Longshuixia, chopapatiza kwambiri moti kumwamba kumaoneka ngati kachingwe kowala, ndipo kumeneko munthu amaona bwino kuti madzi ndiwo anacheka thanthwe lonselo.

Sindinakonde zonse zimene ndinaona. Anthu anali ambiri zedi, ndipo ziboliboli zina zokumbutsa makanema amene anajambulidwa kumeneko sindinaone kuti zikugwirizana ndi malowo. Komabe palibe amene ndinamuona akuswa mwala kapena kutaya zinyalala m'madzi. Malowa ndi mbali ya dera la South China Karst limene bungwe la UNESCO linaliika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 2007, ndipo anthu a m'deralo amapeza chakudya poyendetsa mabasi, kugulitsa zakudya ndi kulandira alendo m'nyumba zogona, mwalawo uli wosakhudzidwa.

A Mkonzi, chimene ndikufuna kuti owerenga anu amve n'chakuti mbali yaikulu ya mzinda wa Lusaka inamangidwa pamwala wa mtundu womwewu. Miyala yotuwa, yosongoka ndi yamabowo imene imatulukira m'mabwalo a nyumba ndi m'mphepete mwa misewu kumwera ndi kumadzulo kwa mzinda ndi dolomite, m'bale wake wa laimu, ndipo madzi amaisungunula chimodzimodzi. Fakitale ya simenti ya ku Chilanga, imene inayamba mu 1949, inamangidwa kumeneko chifukwa cha mwala wa laimu. Sindikunena kuti tili ndi milatho ngati ya ku Wulong, chifukwa dziko lathu ndi lathyathyathya ndipo mitsinje sinakumbe zigwa zakuya kuti iululire zimene zili pansi. Koma ntchito imene madzi anagwira kumeneko akuigwiranso pansi pa mapazi athu, kungoti ife sitiiona. Munthu amene anakhalapo ku Kanyama akudziwa kuti kulibe mtsinje weniweni wotenga madzi a mvula n'kupita nawo kutali. Madzi amalowa pansi kudzera m'ming'alu, ndipo ming'aluyo ikadzaza m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, madzi amabwerera pamwamba n'kudzaza nyumba za anthu.

Apa ndi pamene pali nkhani ya moyo ndi imfa. Mchenga ndi dothi zimasefa madzi akamadutsamo, koma ngalande za m'thanthwe sizisefa kanthu, zimangopititsa madzi mofulumira monga mmene paipi imachitira. Chimbudzi chokumba chimene chafika pathanthwe chimatha kulumikizana ndi chitsime chimene chili patali ndithu, ndipo mwini chitsimeyo sangadziwe chifukwa madzi ake amaoneka oyera. Gawo lalikulu la madzi amene timamwa mu Lusaka limachokera pansi panthaka, lina ndi limene limapopedwa kuchokera kumtsinje wa Kafue. Kolera wa mu 2017 ndi 2018 anavuta kwambiri m'makomboni omangidwa pamwala umenewu, ndipo wa mu 2023 ndi 2024 anapha anthu oposa 700 m'dziko muno, mpaka bwalo la Heroes Stadium linasanduka chipatala ndipo ana anachedwa kutsegulira sukulu. Nthawi zonse timauzana kuti tizisamba m'manja ndi kuthira klorini m'madzi, ndipo zimenezo n'zoona, koma sindimvapo anthu akufotokozeredwa chifukwa chake dera lawo limavutika kuposa madera ena. Munthu akadziwa kuti pansi pa nyumba yake pali mabowo olumikizana ndi a mnzake, amamvetsa chifukwa chake chimbudzi chiyenera kuwakidwa ndi simenti mkati ndi kupopedwa chikadzaza, m'malo mokumba china pambali.

Ndikamanena za kuswa miyala sindikuloza chala amayi amene amakhala padzuwa tsiku lonse ndi nyundo m'manja, ana ali kumsana, kuti apeze ya ufa. Iwowo akusaka chakudya, ndipo miyala imene amaswa ndi yomwe ifeyo timagula pomanga nyumba zathu, kotero kuti mlanduwu tonse tili nawo. Chimene chimandipweteka ndi maenje amene amatsala. Dzenje lililonse lokumbidwa pathanthwe limeneli ndi khomo lolowera kumadzi athu akumwa, koma ife timalisandutsa dzala lotayamo zinyalala, matewera ndi mafuta akuda a galimoto. Damu la Ngwenya ku Misisi linayamba ngati malo okumbapo miyala, ndipo madzi amene ali mmenemo si osiyana ndi amene ali pansi pa makomboni oyandikana nalo.

Tilinso ndi malo athu oti munthu angapite kukaona, ngakhale kuti ndi ochepa msinkhu poyerekeza ndi a ku China. Kum'mawa chakumwera kwa Lusaka kuli phanga la Leopards Hill, ndipo ku Mumbwa kuli mapanga amene akatswiri ofukula zakale anapezamo zida zamiyala za anthu amakedzana. Pafupi ndi Mpongwe kuli nyanja ya Kashiba, ndipo pafupi ndi Ndola kuli ya Chilengwa, zonse ziwiri zinapangika pamene denga la mapanga a laimu linatitimira, mofanana ndendende ndi maenje amene ali pakati pa milatho ya ku Wulong. Nditabwerako ndinafunsa anzanga angapo, ena a iwo aphunzitsi ngati ine, ngati anafikako ku Leopards Hill, ndipo onse ankadziwa dzinalo ngati la msewu ndi manda basi. Ine ndemwe ndinaphunzitsa za mapanga kwa zaka zonsezo popanda kutengera ana kuphanga limene lili kufupi ndi mzinda wawo, ndipo zimenezi zimandiwawa. Tikumbukirenso za ku Kabwe, kumene mu 1921 anthu okumba mgodi anapeza chigaza cha munthu wamakedzana m'phanga la dolomite. Chigazacho chili ku London mpaka lero, ndipo phangalo linatha ndi ntchito ya mgodi, moti palibe pamene mungamuimike mwana n'kumuuza kuti ndi pano.

Pempho langa kwa akuluakulu a bungwe la National Heritage Conservation Commission, limene limasunga malo otere, ndi lakuti agwirizane ndi a zamaphunziro kuti sukulu za mu Lusaka zizikhala ndi maulendo okaona mapanga amenewa, ndiponso kuti pamalowo pakhale zikwangwani zofotokoza m'Chinyanja ndi m'zilankhulo zina za kuno mmene madzi amagwirira ntchito m'thanthwe. Ku Wulong zikwangwani zotere zinalipo panjira, ndipo ndinaona makolo akuwerengera ana awo. Kwa makhansala athu ndikupempha kuti maenje akale a miyala atchingidwe ndi mipanda ndipo kutayamo zinyalala kuletsedwe, komanso kuti malo amene madzi a mvula amalowerapo pansi, monga nkhalango zotsala kum'mawa kwa mzinda, asagawidwe mapuloti. Amayi oswa miyala apatsidwe malo amodzi ovomerezeka, kutali ndi zitsime, m'malo mowathamangitsa lero n'kuwapeza mawa atasamukira kuseri kwa msika.

Ineyo ndayamba ndi zimene ndingathe. Mvula ikatha ndikufuna kutenga adzukulu anga ndi ana a sukulu ya Sande ya kumpingo kwathu kupita nawo kumene miyala imatulukira pamwamba, nditatenga botolo la madzi, kuti akathire pamng'alu ndi kuona okha kuti madziwo sakhalitsa pamwamba. Aphunzitsi anzanga opuma pantchito amene angafune kuti tichitire limodzi zimenezi m'makomboni ena angathe kundipeza kudzera kwa inu a Mkonzi.

Ine wowerenga wanu,
Mphunzitsi wopuma pantchito,
Kabwata, Lusaka