Msonkhano wa malo a nsanja ya nyali yowongolera maboti

Mamembala a Beach Village Committee (komiti yoyang'anira usodzi pagombe lathu), eni zilimira ndi amayi ogula usipa,

Loweruka likubwerali, 8 koloko m'mawa, tikumane padoko, pansi pa mkuyu. A gulupu ndi komiti ya malo ya m'mudzi adzakhalapo.

Akuluakulu a polojekiti ya chitetezo cha panyanja akufuna kachigawo ka gombe lathu kuti amangepo nsanja ya nyali yolozera maboti usiku. Nyaliyo tikuifuna. Alovi athu amabwerera kuli mdima, ndipo mwera ukakunta miyala ya kumpotoyi siioneka mpaka boti litagunda. Koma pamene aloza ndi pomwe pali mathandala oyanikira usipa ndi njira ya amayi yokatunga madzi, ndipo manda ali pafupi.

Lamulo la malo a mafumu la 2016 limapereka ntchito yoyang'anira malowa kwa komiti ya anthu 6 osankhidwa, atatu mwa iwo kapena kuposerapo akhale amayi, wapampando ali gulupu. Choncho pasapezeke wina wosayina kapena kudinda chala payekha pepala lililonse tisanamve tonse kukula kwa malo, kumene mathandala adzasamukire, ndi za chipukuta misozi.

Mubwere ndi:
- chiphaso cha unzika
- mayina a eni mathandala onse a mbali imeneyo
- K1,000 ya mapepala ndi thiransipoti ya mlembi

Tsimikizani kwa mlembi pasanafike Lachinayi madzulo. Amene adzakhale kunyanja atumize womuimira.

Wapampando wa Beach Village Committee