Ana athu a kunja, musatitsekere m'nyumba poopa chisanu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule kudzera m'nyuzipepala yanu ndi ana athu amene akukhala kumaiko a kunja, makamaka awo amene amaitanitsa makolo kuti akacheze nawo kumapeto a chaka. Ine ndi mayi akunyumba tinachoka kwathu ku Dedza mu Okutobala, ndipo tikukhala kwa mwana wathu wamkazi mumzinda wa Manchester ku England pa chilolezo cha alendo chimene sichipitirira miyezi isanu ndi umodzi. Mwana wathu wamwamuna ali ku Glasgow ku Scotland ndi banja lake, koma kwa milungu yambiri adzukulu athu a kumeneko tinkangowaona pafoni, ngati kuti tikadali kumudzi.

Titanena kuti tikufuna kukawaona Khirisimasi isanafike, ndiponso kuti tipita tokha pa sitima ya pamtunda, mwana wathu wamkazi anakana kwamtuwagalu. "Bambo, kunjaku kukuzizira, mukadwala. Dikirani pa 25 Disembala, tonse tidzakumana konkuno," anatero. Sindikumuimba mlandu, chifukwa iye ndi mkamwini wathu amagwira ntchito usiku ndi usana, ndipo mawu akewo anachokera m'chikondi. Komabe tsiku la Khirisimasi ndimalidziwa bwino: nyumba imadzaza ndi alendo, amayi amatanganidwa ndi mapoto, ana maso amakhala pa mphatso, ndipo agogo amaikidwa pampando wabwino wapangodya, napatsidwa mbale yodzaza, kenaka n'kuiwalidwa mwaulemu. Mdzukulu sungamudziwe pa tsiku lotero. Ndakumananso kutchalitchi kuno ndi okalamba anzanga ochokera kwathu amene miyezi yawo yonse imathera pakati pa khitchini, zenera ndi chipata cha sukulu ya mkaka, nabwerera ku Malawi osapondako pakhomo la m'bale wina aliyense, chonsecho anaoloka nyanja ndi cholinga chodzaona abale.

Pomaliza anatilola, atatigulira matikiti kudakali milungu itatu chifukwa mitengo yake imakwera tchuthi chikamayandikira, n'kutilembera papepala ndi zilembo zikuluzikulu maina a masiteshoni onse. Tinanyamuka Loweruka cha m'ma 7 koloko m'mawa, kunja kukadali mdima wa ndiweyani. Ife a ku Dedza timadzitama kuti chisanu cha mu Juni chinatikhwimitsa, koma tsiku limenelo ndinameza mawu anga. Mayi akunyumba anavala majuzi awiri, jekete ndi buluku laubweya, ndipo pamwamba pa zonsezo anamangirira chitenje chawo, poti anati sangakaonekere kwa mpongozi wawo ngati mnyamata. Panjira yopita kusiteshoni tinapeza galimoto ikumwaza mchere mumsewu kuti madzi oundana asungunuke ndipo anthu asaterereke, ndipo iwo anaima n'kugwira pakamwa, nati mchere umene kwathu timapemphana pa kasupuni kuno akuupondetsa matayala. M'chikwama anali atalongeza ufa woyera, usipa wouma ndi mpunga wa Kilombero, zimene anazisunga mwakhama chifikire.

Ulendowo ndi wa maola atatu ndi mphindi zingapo, kudzera ku Preston, Lancaster ndi Carlisle. Titapitirira Lancaster tinalowa m'mapiri oyera ndi chipale chofewa, nkhosa zikudya msipu m'munsi mwake ngati kuti palibe chachilendo, ndipo ndinakumbukira kuti nthawi yomweyo kwathu mvula ikugwa, anthu ali kalikiliki m'minda ndipo ana akutola mango pansi pa mitengo. Palibe amene anativutitsa. Mtsikana wina amene sitikumudziwa anatikwezera chikwama pamwamba, ndipo mwana wathu tinamupeza akutidikirira pa Glasgow Central.

Chimene ndikufuna kuti ana athu amve ndi zimene zinachitika madzulo a tsikulo. Ku Glasgow pakati pa Disembala dzuwa limatuluka 9 koloko itatsala pang'ono ndipo limalowa 4 koloko isanakwane, moti usana wonse ndi wa maola asanu ndi awiri okha. Ambiri amadandaula nawo mdima umenewu, koma kwa ife unasanduka mwayi, pakuti akuluakulu anatiphunzitsa kuti nthano sakamba masana. Pamene kwathu tikanadikira mpaka titadya chakudya chamadzulo, kumeneko 5 koloko inatipeza titakhala kale pansi ndi adzukulu awiri, mnyamata wa zaka zisanu ndi zinayi ndi mlongo wake wa zaka zisanu ndi chimodzi. Agogo awo aakazi anayamba kuti, "Padangokhala," ndipo m'chipindamo munangoti zii, chifukwa anawo sankadziwa kuti pali choyankha. Bambo wawo anayankhira kukhitchini kuti, "Tili tonse," ndi mawu a munthu wogwidwa ndi manyazi, ndipo anawo anaseka mpaka kugubuduzika. Pofika pakati pa nthano ya kalulu, iwo ndi amene ankayankha, ngakhale kuti katchulidwe kawo kanali kokhota.

Pa nthawi ya chakudya mtsikanayo anatenga foloko kuti adyere nsima. Agogo ake sanamudzudzule, koma anamusambitsa m'manja, namugwira dzanja lamanja, n'kumuonetsa kutema mbamu, kuiumba pachikhatho ndi kuiboola pang'ono ndi chala chachikulu kuti itape msuzi. Usipa anayamba wauyang'anitsitsa m'maso kwa nthawi yaitali asanalimbe mtima. Zonsezi zinatheka chifukwa panalibe alendo, panalibe phwando, ndipo palibe amene ankathamangira kwina.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi, mwana wathu anatitengera ku Blantyre, tauni yaing'ono ya m'mphepete mwa mtsinje wa Clyde, kufupi ndi Glasgow. Mayi akunyumba ataona chikwangwani chake anafunsa mwanthabwala kuti Limbe ndi Ndirande zili mbali iti. Tinaima kutsogolo kwa nyumba yoyera yotchedwa Shuttle Row, momwe David Livingstone anabadwira mu 1813 ndipo banja lawo lonse linkakhala m'chipinda chimodzi. Ine, amene ndinaphunzitsa mbiri yakale kusukulu ya pulayimale kwa zaka zambiri, ndinauza mdzukulu wanga kuti munthuyo anayamba kugwira ntchito m'fakitale ya thonje pamalo omwewo ali ndi zaka khumi, chaka chimodzi chokha kuposa iyeyo, komanso kuti amishoni a mpingo wa ku Scotland atakhazikitsa mishoni yawo kwathu mu 1876 anaitcha Blantyre pokumbukira kwawo kwa Livingstone. Mnyamatayo anali atamva za Livingstone kusukulu, koma sankadziwa kuti mzinda umene bambo wake anaphunzirako ntchito unatenga dzina pamtunda waufupi chotere kuchokera pakhomo pawo.

Pempho langa kwa ana athu ndi lakuti mutatiitana musatisandutse katundu wosweka. Tigulireni nsapato zosaterereka ndi jekete lochindikala, tilembereni njira papepala, tiikireni mayunitsi mufoni, ndipo mutilole tipite kwa abale m'masiku wamba pamene nyumba zili phee. Wodwala ndi wofooka asakakamizidwe, zimenezo n'zoona, koma ambiri a ife takhala tikukwera maminibasi odzaza mpaka pakhomo kuchokera ku Dedza kukafika ku Limbe, ndipo sitima yofunda yokhala ndi chimbudzi mkati singatigonjetse.

Tinabwerera ku Manchester Lolemba masana, mwana wathu wamkazi akutidikirira pasiteshoni ndi nkhope ya nkhawa, ndipo chimene tinabwera nacho ndi chimfine chochepa cha ine ndekha. Chibwerereni, mtsikana wa ku Glasgow uja amaimba foni madzulo aliwonse kukangoda, ndipo agogo ake asanamupatse n'komwe moni, iye amayamba ndi kunena kuti, "Tili tonse."

Ndine wanu,
Mphunzitsi wopuma ntchito wa ku Dedza,
amene pakali pano ali ku Manchester