Sitima ijambulidwe kuchokera pambali, osati pa njanji

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi achinyamata amene ayamba kujambula sitima za katundu, makamaka za malasha zochokera ku Moatize zomwe zimadutsa ku Nkaya, Liwonde ndi Nayuchi popita ku Nacala. Ntchitoyi ndi yabwino, koma zikundidetsa nkhawa kuti ambiri akumaima pakati pa njanji pofuna chithunzi chokongola. Sitima ya mabogi opitirira 100 siingaime pomwepo ngakhale woyendetsa atakuonani. Komanso chithunzi chabwino chimachokera pambali, mamita 10 kapena kuposerapo, pamalo okwera pang'ono pomwe njanji yakhota, kuti mutu wa sitima ndi mzere wa mabogi zilowe pamodzi.

Choyamba onani dzuwa. Kuchokera ku Nkaya kukafika ku Nayuchi njanji imalowera kum'mawa, choncho sitima yodzaza imawalitsidwa kumaso m'mawa, pomwe yobwerera yopanda kanthu imakoma madzulo. M'miyezi ya June ndi July dzuwa limapendekera kumpoto, ndiye imani kumpoto kwa njanji kuti likhale kumbuyo kwanu. Masana a mu October musavutike n'komwe ndi lenzi yokoka zakutali, chifukwa kutentha kochokera m'miyala ya panjanji kumanjenjemeretsa mpweya ndipo chithunzi chimatuluka ngati mwajambula m'madzi.

Zithunzi zambiri zimaonongeka pa liwiro la shutter, kachitseko ka m'kamera komwe kamatseguka n'kutseka pojambula. Sitima yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi. Mukajambula pa 1/60 ya sekondi, imakhala itasuntha masentimita 28 kamera isanatseke, n'chifukwa chake nambala ya pamutu siwerengeka. Pa 1/1000 imasuntha masentimita osakwana awiri. Yambirani pa 1/800, f/8 (kukula kwa kabowo kolowetsa kuwala) ndi ISO 400 (mmene kamera imamvera kuwala), ndipo tcherani fokasi ya kamera pa chinthu chokhazikika, monga mwala kapena chikwangwani cha pamalo pomwe mutu udutse, sitima isanafike.

Malasha nawo amanamiza kamera. Ikaona zakuda zambiri imaganiza kuti kunja kwada, n'kuwonjezera kuwala, mitambo n'kuyereratu mbee. Tsitsani kuwala kufika pa -0.7 pa chizindikiro cha +/- cha kamera. A foni, gwirani pa sikirini pomwe pali mutu, tsitsani pang'ono kachizindikiro ka dzuwa komwe kamaoneka pa sikirinipo, ndipo jambulani zambiri motsatizana. Musakoke chithunzi ndi zala, zimangophwanya maonekedwe. Lenzi musasinthire pafupi ndi njanji, fumbi la malasha likalowa mkati madontho amaoneka pa chithunzi chilichonse.

Pa siteshoni ngati ya Limbe, pomwe amalumikiza ndi kukonza mabogi, pemphani kaye chilolezo kwa akuluakulu a pamalopo. Bogi yokankhidwa kuchokera kumbuyo imayenda mwakachetechete, ndipo kudutsa pansi kapena pakati pa mabogi oima n'kuika moyo pachiswe.

Chimene ndimachilakalaka kwambiri m'zithunzi zathu ndi anthu. Mayi wosenza dengu la tomato akudikira kuti mabogi athe, wakabaza wotsamira njinga yake, ana akuwerenga mabogi ndi zala: izi ndi zimene zimasonyeza kuti sitimayi ikudutsa kwathu kuno. Apempheni musanawajambule, ndipo ngati ndi ana funsani makolo. Mukafika kunyumba lembani tsiku, malo, nthawi ndi nambala ya mutu pa dzina la chithunzi chilichonse.

Wokonda kujambula,
Balaka